Mapulogalamu amene ndinachotsa abweranso

Lolemba

Chimene ndikufuna sabata ino ndi chimodzi basi: ndikachotsa pulogalamu pa laputopu yanga, ichoke ndithu, isadzatulukirenso mwezi wa mawa. Za makompyuta ndimangodziwa kuyatsa, kulemba kalata ndi kusindikiza. Ndiye ndiziti ndikaphunzira kanthu n'kulemba, kuti anzanga amene tili pa mulingo umodzi tiyendere limodzi.

Laputopuyi ili ndi Windows 11. Ndimalemberapo makalata, ndimasungamo kaundula wa banki m'khonde ya kwathu kuno, ndipo ana amalemberapo ntchito za kusukulu. Inabwera ndi mapulogalamu ambiri amene sindinawapemphe: ya nkhani za maiko akunja, masewera a makadi a Solitaire, yodulira mavidiyo yotchedwa Clipchamp, angapo a Xbox, ndi ena a kampani imene inapanga laputopuyo. Wina anandionetsa kale kuti ukadina batani la kumanja la mausi pa kachithunzi ka pulogalamu, pamabwera mawu akuti Uninstall, ndipo ukadina pamenepo imachoka. Ndinatero, pa Start panayera.

Sabata yatha kompyuta inachita update yaikulu. Update ndi zokonza kapena zatsopano zimene Windows imalandira kudzera pa intaneti. Imeneyi inatenga madzulo onse, makina akuzima n'kuyakanso okha, pa sikirini pakungozungulira timadontho. Itamaliza ndinatsegulira ana akaunti yawoyawo kuti asamagwire kaundula wa ndalama za anthu. Dzulo poyang'ana pa Start ndinapeza tizithunzi tija tili mbwee, ndi tina tachilendo pamwamba pake.

Wina anganene kuti zisiyeni, zakulakwirani chiyani. Intaneti yanga ndi ya bandulo ya pa foni, imene ndimagawira laputopu pa hotspot. Pulogalamu iliyonse imene yakhala m'kompyuta imafuna nayonso kulandira zatsopano zake, ndipo data imene ikupitayo wogula ndine. Komanso mwana akakhala pansi kuti alembe za kusukulu, sindifuna kuti maso ake ayambe kugwera pa masewera.

Lero ndaphunzira kufunsa kompyuta kuti ili ndi Windows yanji. Umagwira batani la Windows, lija la timawindo tinayi, n'kudina R. Pamabwera kabokosi, umalembamo winver n'kudina Enter. Yanga yayankha kuti Version 24H2. Nambala 24 ikuimira chaka cha 2024, H2 ndi theka lachiwiri la chakacho. Isanachite update inali 23H2.

Ndamvanso kuti ma update alipo a mitundu iwiri. Aang'ono amabwera mwezi ndi mwezi, pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi chitetezo. Aakulu amabwera kamodzi pachaka. 24H2, imene inatuluka mu Okutobala 2024, imachotsa Windows yonse yakale n'kuika ina, kenako n'kusamutsiramo mafayilo ndi mapulogalamu ako. N'chifukwa chake inachedwa chonchija. Yakaleyo imasungidwa pambali mu foda ya Windows.old, ndipo umapatsidwa masiku 10 oti ukhoza kubwerera ngati yatsopanoyo yakuvuta. Koma kubwerera kukanakhala kongozengereza chabe, chifukwa 23H2 ya Home ndi Pro inasiya kulandira zachitetezo pa 11 Novembala 2025.

Lachiwiri

Ndinagona ndi maganizo akuti mankhwala ake n'kungotsekeratu ma update onse. M'mawa ndaimbira mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene amakonza makompyuta m'tauni. Sanadikire kuti ndimalize.

"Amalume, chonde zimenezo ayi. Ma update ndi amene amatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti. Ndipo inu mukusungamo za ndalama za anthu."

Wandikumbutsa za vairasi ya WannaCry ya mu Meyi 2017, imene inatseka mafayilo m'makompyuta ambirimbiri padziko lonse n'kumafuna dipo, mpaka zipatala zina za ku England zinabweza odwala. Update yotseka mpata umene vairasiyo inalowera inali itatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene anali asanailandire. Nditamva zimenezo maganizo aja ndawataya. Windows 11 imalola kuimitsa ma update kwa milungu yosapitirira 5, ndipo zimenezi n'zothandiza pamene bandulo yatsala pang'ono, koma si njira yothetsera vuto langali.

Pa nkhani ya data wandionetsa china. Ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, ukatsegula dzina la hotspot ya foni yako, pali kabatani ka Metered connection. Ukakayatsa, ukuuza Windows kuti intaneti imeneyi ndi yogula pang'onopang'ono, ndipo imaleka kukoka zinthu zambiri payokha, kupatula zina zofunika kwambiri. Ine ndakayatsa. Ma update ndiziwaitana ndekha tsiku limene ndagula bandulo yokwanira.

Asanadule foni anati, "Lero musachotse chilichonse, amalume. Tengani kope. Lembani dzina la pulogalamu iliyonse imene simukuifuna, mulembenso kuti mwaiona pa akaunti ya ndani."

Lachitatu

Kope lija lasintha nkhani yonse. Ndinalowa pa akaunti yanga n'kupita ku Settings, Apps, Installed apps, kumene kuli mndandanda weniweni wa zimene zaikidwa. Solitaire palibe. Clipchamp palibe. Ya nkhani ija palibenso. Nditalowa pa akaunti ya ana, onsewo alipo, osasowa ndi imodzi yomwe. Kani tsiku lija ndinkayang'ana pa Start ya ana, ndipo ambiri mwa amene ndinkati abwerera sanabwerere kwa ine. Anangopatsidwa kwa munthu watsopano.

Pa Start ya anayo ndapezanso tizithunzi tina timene mu Installed apps mulibe. Ndinadina kamodzi kuti ndione, ndipo pansi pake panayamba kuyenda kamzere kosonyeza kuti pulogalamu ikukokedwa pa intaneti. Ndiye kuti tizithunzi timeneti ndi zikwangwani chabe, pulogalamu yeniyeni imabwera ukadina. Anzanga, mukaona kachithunzi kachilendo musakayese ndi batani la kumanzere. Dinani la kumanja, musankhe Uninstall kapena Unpin from Start.

Pa akaunti yanga panali zachilendo zingapo, koma nditaziyang'anitsitsa ndaona kuti sindinazichotsepo chifukwa nthawi imene ndinkayeretsa kunalibe. Windows imawonjezera mapulogalamu m'kupita kwa nthawi. Outlook yatsopano inabwera kudzalowa m'malo mwa Mail and Calendar, imene Microsoft inaleka kuisamalira pa 31 Disembala 2024. Clipchamp nayo poyamba munalibe mu Windows 11: Microsoft inaigula mu 2021, n'kuilowetsa mu 22H2 chaka chotsatira. Imene yabwereradi pa akaunti yanga, yoti ndikukumbuka bwino kuti ndinaichotsa, ndi imodzi ya kampani yopanga laputopu. Imeneyo ndailemba payokha, ndidzaiona pambuyo.

Madzulo mphwanga wandifotokozera chifukwa chimene ana alandirira zonse. Windows imasunga mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa mapulogalamu amene aikidwa pa akaunti ya munthu aliyense payekha. Wachiwiri ndi wa kompyuta yonse, ndipo zimene zili mmenemo amazitcha provisioned packages, kutanthauza mapulogalamu osungidwa kuti aliyense wotsegula akaunti yatsopano apatsidwe. Uninstall ija imakhudza mndandanda woyamba wokha. Zili ngati kapinga m'munda: ukhoza kupala pamwamba mpaka kuyera, koma mizu ili pansi, ndipo pamene dothi latipulidwa amaphukanso.

Apa ndi pamene ndaona kuti funso langa linali loperewera. Ndinkafunsa kuti ndichotse bwanji, pamene chofunika kufunsa n'chakuti pulogalamu iyi yadzera njira iti. Njirazo ndi zingapo, ndipo iliyonse ili ndi katsekedwe kake.

Lachinayi

Lero ndalowa kumene ndakhala ndikuopa. Koma ndisanagwire kanthu ndachita zinthu ziwiri. Ndakopera kaundula wa banki m'khonde ndi makalata onse pa fulashi. Kenako ndalemba Create a restore point pofufuzira pa Start, n'kudina Create, n'kupatsa dzina lakuti ndisanachotse. Restore point ndi chithunzi cha mmene makonzedwe a Windows alili panthawiyo, kuti zikasokonekera ubwerere pamenepo. Siisunga makalata ako kapena zithunzi zako, n'chifukwa chake fulashi ikufunikabe. Ngati batani la Create silikudinika, pitani pa Configure muyatse Turn on system protection.

PowerShell ndi windo lakuda limene umalembamo malamulo m'malo modina tizithunzi. Nditalitsegula n'kulemba lamulo limene mphwanga ananditumizira, panatuluka mizere yofiira, mtima unagunda. Nditawerenga modekha, pakati pake panali mawu akuti The requested operation requires elevation. Palibe chimene chinawonongeka. Kompyuta imangonena kuti ntchito imeneyi ikufunika chilolezo cha woyang'anira. Njira yake ndi kudina batani la kumanja pa Start, kusankha Terminal imene pambali pake palembedwa Admin, n'kuvomera Yes ikafunsa. Pamwamba pa windo pamaoneka mawu akuti Administrator.

Lamulo loyamba ndi loonetsa mndandanda wa pa akaunti yanga:

Get-AppxPackage | Select Name

Kamzere koimirira kali pakatiko kanandisowa kwa kanthawi. Pa kiyibodi yanga kali pamwamba pa Enter, pa batani limodzi ndi kamzere kopendekera kumbuyo, ndipo kamatuluka ukagwira Shift. Ntchito yake ndi kutenga zimene lamulo la kumanzere lapeza n'kuzipereka kwa lamulo la kumanja.

Lachiwiri ndi la mndandanda wa kompyuta yonse:

Get-AppxProvisionedPackage -Online | Select DisplayName

Mawu akuti Online pano akunena Windows imene ikugwira ntchito panopa, osati intaneti, ndiye bandulo siikhudzidwa. Nditadina Enter, maina anatsika m'munsi: Clipchamp.Clipchamp, Microsoft.BingNews, Microsoft.GamingApp, Microsoft.MicrosoftSolitaireCollection. Onse amene ndinachotsa kale ali phee mmenemo. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa zimene dzulo ndinangomva ndi makutu lero ndaziona ndi maso, ndipo lamulo ndalemba ndi zala zanga.

Chofunika kusamala n'chakuti maina a muno si onse ofanana ndi a pa Start. Microsoft.ZuneMusic ndi Media Player, imene ndimaimbira nyimbo za kwaya. Microsoft.ScreenSketch ndi Snipping Tool, yojambulira zimene zili pa sikirini. Microsoft.GamingApp ndi Xbox. Ndakhala ndi kope langa n'kumalemba dzina la pa Start kumanzere, la mu PowerShell kumanja. Lero sindinachotse kalikonse.

Lachisanu

Pulogalamu iliyonse imafuna malamulo awiri. Loyamba limaichotsa pa maakaunti onse amene alipo kale:

Get-AppxPackage -AllUsers *BingNews* | Remove-AppxPackage -AllUsers

Lachiwiri limaichotsa pa mndandanda wa kompyuta yonse:

Get-AppxProvisionedPackage -Online | Where-Object DisplayName -like "*BingNews*" | Remove-AppxProvisionedPackage -Online

Tinyenyezi tili uku ndi uku kwa dzinato tikutanthauza kuti chilichonse chimene m'dzina mwake muli mawu amenewa chigwidwe. Pamenepa mpamene ndapunthwa, ndipo ndikulemba kuti inu musapunthwepo. Pofuna kufupikitsa ndinalemba *Bing* yekha m'lamulo loyamba. Ya nkhani inachoka, koma pamodzi ndi ya zanyengo, imene dzina lake ndi Microsoft.BingWeather, ndipo imeneyo ndimaiyang'ana nthawi ya dzinja. PowerShell siifunsa kuti mwatsimikiza kodi. Imangochita, n'kubweretsa mzere watsopano ngati palibe chachitika.

Kukonza kwake sikunavute. Ndinatsegula Microsoft Store, ndinafufuza MSN Weather n'kuiikanso, kungoti data yapita. Kuchokera pamenepo ndatenga chizolowezi ichi: ndimayamba ndalemba mbali yoyamba yokha ya lamulo, yopanda Remove, kuti ndione maina amene tinyenyezi tagwira. Akatuluka amene ndikufuna okhaokha, ndimadina muvi woloza m'mwamba pa kiyibodi, lamulo lija limabwereranso, n'kuwonjezera mbali yochotsa. Ndi njira imeneyi Solitaire, Clipchamp ndi Xbox zachoka bwinobwino.

Zimenezi zandionetsanso chifukwa chimene mphwanga anakanizira kukhudza Microsoft.WindowsStore. Ndikanachotsa Store, ya zanyengo ija ndikanakaitenga kuti? Palinso maina ena osamveka amene munthu angaganize kuti ndi zinyalala pamene ndi ofunika. Microsoft.VCLibs ndi Microsoft.UI.Xaml si mapulogalamu oti ungatsegule, koma mapulogalamu ena amadalira zimenezi kuti ayake. Microsoft.SecHealthUI ndi Windows Security, yoonetsa za chitetezo. Microsoft.HEIFImageExtension imathandiza kutsegula zithunzi za mtundu umene mafoni ena amajambula. Ine ndachotsa okhawo amene ndawazindikira ndipo ali m'kope. Dzina limene sindikulidziwa ndalisiya.

Pa intaneti pali anthu amene amapereka lamulo limodzi lakuti ukangolikopera limasesa zonse nthawi imodzi. Ena mwa iwo ndi akatswiri ndithu ndipo zida zawo anthu ambiri amazigwiritsa ntchito. Koma windo la Administrator lili ndi mphamvu pa kompyuta yonse, ndipo sindikuona kuti n'kwanzeru kulowetsamo zinthu zimene sindingathe kuziwerenga, makamaka pa makina osunga ndalama za anthu ena. Mizere iwiriyi ndi yochedwa, koma liwu lililonse ndikudziwa chimene likuchita.

Loweruka

Funso limene linatsala ndi ili: update yaikulu ikamabwera imadza ndi mndandanda wakewake wa mapulogalamu, nanga idzadziwa bwanji kuti awa ndinawakana? Yankho lili mu Registry, kaundula wamkulu mmene Windows imalembamo makonzedwe ake. Umautsegula ndi Windows ndi R, n'kulemba regedit. Kumanzere kuli timafoda tambirimbiri, koma pamwamba pali mpata woti ungalembemo njira yonse n'kudina Enter:

HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Appx\AppxAllUserStore\Deprovisioned

M'kati mwa Deprovisioned ndinapeza timafoda tokhala ndi maina a mapulogalamu amene ndinachotsa dzulo ndi lamulo lachiwiri lija, monga Microsoft.BingNews_8wekyb3d8bbwe. Mchira wa zilembo zosokonezawo ndi chizindikiro cha wopanga pulogalamu. M'timafodamo mulibe kanthu, dzinalo ndiye uthenga wake. Update ikamafika imayang'ana pamenepa, ndipo dzina limene lalembedwapo siliikidwanso. Sindinalembe ndine, Windows inalemba yokha nditachotsa. Ndinangoyang'ana n'kutseka, mtima uli m'malo.

Ndamvanso chifukwa chimene malangizo a pa intaneti amatsutsirana. Microsoft yokha inalemba kuti pa Windows 10 ya 1703 ndi 1709, zonse za mu 2017, mapulogalamu ochotsedwa m'njira zina ankabwereradi pambuyo pa update chifukwa chizindikiro chimenechi sichinkalembedwa, ndipo anthu ankachita kupanga timafodati pamanja. Zinakonzedwa mu 1803, ya mu Epulo 2018. Malangizo ambiri amene munthu amawapeza ndi a nthawi imeneyo. Tsopano ndikapeza langizo ndimayamba ndaona chaka chimene linalembedwa ndi Windows imene likunena.

Njira ina ndi ya mapulogalamu otsatsidwa, amene Windows imatha kuika yokha mwakachetechete. Anthu ambiri anaidziwa Windows 10 itatuluka pa 29 Julayi 2015, pamene masewera a Candy Crush Saga a kampani ya King ankapezeka m'makompyuta eni ake osawaitana. Poitsekera ndi apa:

HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\ContentDeliveryManager

Pano ndiye ndinasintha kanthu, choncho ndinayamba ndadina File, Export, n'kusunga kope la foda imeneyi. Kumanja kuli mzere wa SilentInstalledAppsEnabled. Ndinadinapo kawiri, 1 ndinamusandutsa 0, n'kudina OK. Basi. Dzanja linkanjenjemera pang'ono, koma ntchito yake ndi ya nambala imodzi.

CURRENT_USER ndi akaunti imene watsegulayo yokha, ndiye ndinalowanso pa ya ana n'kuchita chimodzimodzi. Mphwanga anandichenjeza kuti kumeneko regedit ndiitsegule wamba. Ndikaitsegula ngati woyang'anira ndi pasiwedi yanga, ndikhala ndikusintha za akaunti yanga, za ana zili chikhalire.

Amene Registry ikukuopsani, pali zina zoti mungazimitse ku Settings popanda kulemba lamulo. Ku Personalization, Start, zimitsani mzere woyamba ndi mawu akuti Show recommendations for tips. Ku System, Notifications, pansi penipeni pa Additional settings, chotsani chizindikiro pa Get tips and suggestions when using Windows. Zimenezi zimachepetsa zotsatsa zimene zimakukopa kuti udine.

Malangizo ambiri amatchulanso gpedit.msc ndi lamulo lotchedwa Turn off Microsoft consumer experiences. Ndinalemba gpedit.msc, kompyuta inati siikuipeza. Mu Windows ya Home mulibe chida chimenechi, ndipo lamulolo limagwira ntchito pa Enterprise ndi Education, za m'makampani ndi m'masukulu. Ngati laputopu yanu ndi ya Home ngati yangayi, musataye nthawi kuchifunafuna.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi ndinafuna kuyesa ngati ntchito ya Lachisanu inagwiradi, osadikira chaka chamawa. Ku Settings, Accounts, Other users, Add account, ndinasankha I don't have this person's sign-in information, kenako Add a user without a Microsoft account, n'kutsegula akaunti ya dzina lakuti mayeso. Kulowa koyamba kumachedwa, Windows imakhala ikukonzera munthu watsopanoyo malo. Ana anaima kumbuyo kwanga akuyang'ana.

Itatseguka ndinapita ku Installed apps. Solitaire palibe, Clipchamp palibe, ya nkhani palibe, Xbox palibe. Calculator, Notepad, Photos ndi Store zonse zilipo ndipo zikutseguka. Pa Start panali tizikwangwani tingapo tija tosaikidwa, chifukwa timeneto timadzera njira ina, koma mapulogalamu enieniwo sanabwere. Ndinajambula sikirini ndi foni n'kutumizira mphwanga. Anayankha kuti, "Mwakhoza amalume." Kenako akaunti ya mayeso ndinaichotsa.

Sabata yotsatira

Yatsala ija ya kampani yopanga laputopu. Imeneyi mu mndandanda wachiwiri munalibe. Mphwanga akuti mapulogalamu ena a opanga makina amabwera limodzi ndi ma driver. Driver ndi kapulogalamu kothandiza Windows kulankhulana ndi chiwalo cha kompyuta, monga sipika, sikirini kapena pirinta, ndipo ma driver atsopano amadzeranso mu Windows Update. Ukalemba Change device installation settings pofufuzira pa Start, pamabwera funso lakuti kodi mapulogalamu a opanga zipangizo azibwera okha, ndipo ukhoza kusankha No. Pomwepo pali chenjezo lakuti chipangizo china mwina sichigwira bwino ntchito. Ndasankha No, ndipo pirinta ndi sipika ndaziyesa, zili bwino. Pulogalamu ija ndaichotsanso. Ina yosinthira kamvekedwe ka mawu ndaisiya dala, chifukwa imayendera limodzi ndi driver ya sipika.

Ndaphunziranso za Reset this PC, imene okonza makompyuta amakonda kugwiritsa ntchito makina akavuta. Imeneyi imaika Windows mwatsopano, ndipo ikhoza kubweretsa zonse zimene laputopu inachoka nazo ku fakitale. Pa makina ambiri, ukasankha Keep my files n'kudina Change settings, pamakhala funso lakuti Restore preinstalled apps, ndipo ungayankhe No. Mukapereka laputopu kwa wokonza, muuzeni zimenezi asanayambe.

Malamulo anga onse ndawalemba mu Notepad. Ndinayesa kuwasunga ngati fayilo ya .ps1, imene PowerShell imatha kuiyendetsa yonse kamodzi, koma inakana ndi mawu akuti running scripts is disabled on this system. Chimenecho ndi chitetezo chimene Windows imabwera nacho, ndipo sindinafune kuchimasula. Fayiloyo ndaisunga ngati .txt wamba, pa laputopu ndi pa fulashi, ndipo ndimakopera mzere umodziumodzi.

Edge, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ndaisiya. Batani lake la Uninstall silidinika kuno. Kumaiko a European Economic Area anthu amatha kuichotsa kuyambira mu Malichi 2024 chifukwa cha lamulo lawo la Digital Markets Act. Ine ndangoichotsa pa Start ndi pa mzere wa m'munsi.

Kumapeto kwa chaka

Ma update a pamwezi akhala akudutsa, ndipo nthawi iliyonse ndimatsegula Installed apps n'kuyerekeza ndi kope. Palibe wabwerera. Tsopano yabwera 25H2, imene inayamba kutuluka pa 30 Sepitembala 2025. Ndinachajiratu laputopu poopa kuti magetsi angathime ili pakati, koma inangozima kamodzi n'kuyaka, yatha. Kwa amene ali kale pa 24H2, imeneyi ndi update yaing'ono yongoyatsa zinthu zimene zinalowa kale, siichotsa Windows yonse.

Mu 25H2 Microsoft yaikamo lamulo latsopano loti oyang'anira makompyuta azisankha mapulogalamu obwera ndi Windows oti achotsedwe, koma ndi la Enterprise ndi Education. Amene mumasamalira makompyuta a pasukulu kapena mu ofesi likhoza kukuthandizani. Amene mudakali pa Windows 10, malamulo awiri a PowerShell aja amagwiranso ntchito kumeneko, koma dziwani kuti ma update ake a nthawi zonse anatha pa 14 Okutobala 2025.

Ndatsegulanso mndandanda wachiwiri ndi foda ya Deprovisioned. Maina onse amene ndinakana akadali olembedwa, ndipo SilentInstalledAppsEnabled idakali pa 0 pa maakaunti onse awiri. Popeza 25H2 siinasinthe Windows yonse, mayeso aakulu adzakhala pa update ina ya mtundu wa 24H2. Ikadzafika ndidzayang'ana mindandanda iwiri ija ndi kope m'manja, n'kusiyanitsa obwerera ndi atsopano ndisanachotse chilichonse.